Misampha ya Udzudzu wa Pansi pa Mizinda

Mwana ali yense wa kumudzi adziwa kuti udzudzu ndi mlendo wa dzinja. Mvula ikagwa, madzi nadikha m'madambo, m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbiramo njerwa, anthu ayamba kudziomba m'makutu usiku. Ndipo zithaphwi zikaphwa agona tulo tabwino. Koma wina akasamukira ku mzinda apeza kuti lamuloli siligwira nchito kumeneko. Alumidwa m'cilimwe, fumbi liri koboo, pamene ngakhale atayenda tsiku lathunthu sangaone cithaphwi ndi cimodzi comwe. Funso la munthu wotereyu nlolunjika: kodi udzudzu umenewu ucokera kuti?

Yankho liri pansi pa mapazi ake. Mzinda uli wonse uli ndi mzinda unzake kunsi kwake, umene anthu ambiri sanauonepo: ngalande zobvundikira zotaya madzi a mvula, mipope ya zonyansa, mathanki a zimbudzi za madzi, zitsime, zipinda za pansi pa nyumba zazitali, maenje odzeramo mawaya a telefoni ndi a magetsi, ndipo m'mizinda ina mphanga zodzeramo sitima. M'malo otere mulibe dzuwa loumitsa madzi, mulibe mphepo yamphamvu, mulibe nsomba zakudya mphutsi, ndipo kutentha kwake sikusintha kwambiri caka conse. Kwa mitundu ina ya udzudzu malo amenewa aposa dambo.

Kudziwa zimenezi si nkhani ya cidwi cabe ai. Boma la mzinda likhoza kutaya ndalama zambiri popopera mankhwala ndi kukwirira zithaphwi, udzudzu nukhalabe wosacepa, cifukwa kumene ubadwira sikunakhudzidwe. Asanayambe kupha, anchito a zaumoyo ayenera kupeza malo, kuzindikira mtundu ndi kuwerenga. Ndipo popeza munthu sangakhale m'ngalande usiku wonse ali maso, nchitoyi aisiyira misampha. Komatu msampha uli ngati mboni imene inaona mbali imodzi yokha ya mlandu. Sunama, koma sunena zonse, ndipo wouonjola ayenera kudziwa cimene msampha wakewo ungathe kugwira ndi cimene sungathe.

UDZUDZU WA MU NJANJI YA KU LONDON

Nkhani yochuka koposa ya udzudzu wa pansi inacokera ku London. Njanji yoyamba ya pansi pa nthaka pa dziko lonse inatsegulidwa kumeneko m'caka ca 1863, kucokera ku Paddington kufikira ku Farringdon, ndipo mu 1890 munayamba kuyenda sitima za magetsi m'mphanga zina zakuya kwambiri. Pa 7 September 1940 ndege za ku Germany zinayamba kuponya mabomba pa mzindawo usiku ndi usiku, anthu nathawira m'masiteshoni a pansi atasenza zofunda zao. Usiku wa pa 27 September anthu ogona m'menemo anakwana 177,000. Mabomba anawapulumuka, koma anapeza adani ena aang'ono: nsabwe, utitiri ndi udzudzu woluma mwaukali. Cimene cinazunguza anthu mitu ndico cakuti kulumako sikunaleke m'miyezi ya cisanu coopsa, pamene kunja sikuoneka udzudzu wouluka.

Pano mpofunika kupatuka pang'ono ndi kunena za maina. Cicewa ciri ndi liu limodzi lokha, udzudzu, pamene akatswiri awerenga mitundu yoposa 3,500; cotero mphunzitsi wofuna kulongosola phunziroli m'cinenero ca ana akakamizidwa kubwereka maina a mafuko atatu. Anopheles ndiye wa malungo. Potera aimika mimba yake m'mwamba, ndipo mphutsi zake zigona copingasa pamwamba pa madzi. Aedes, wa mawanga oyera m'miyendo, aluma usana nafalitsa dengue ndi yellow fever. Culex ndi uja wotuwa wolira m'khutu usiku, amene mphutsi zake zilendewera cozondoka. Culex safalitsa malungo, ndipo ici ciyenera kunenedwa momveka, pakuti ana ambiri, ndi akulu omwe, ayesa kuti udzudzu uli wonse ngwa malungo. Komabe sali wopanda mlandu. Afalitsa kacirombo ka West Nile, kamene kanapezeka koyamba ku Uganda mu 1937 nikafika ku New York mu 1999, ndipo m'maiko ena otentha afalitsa tinjoka ta m'magazi totupitsa miyendo.

Udzudzu wa ku London uja uchedwa Culex pipiens, ndipo uli m'magulu awiri ofanana maonekedwe kotero kuti ngakhale katswiri woyang'ana pa galasi lokuza zinthu sangathe kuwalekanitsa. Kusiyana kwao kuli m'makhalidwe. Wa pamtunda aluma mbalame, anthu nawaleka. Pokwerana afuna bwalo, pamene aamuna aunjikana m'mwamba madzulo ngati utsi. Wamkazi saikira mazira asanamwe magazi, ndipo cisanu cikafika abisala m'zisakasa ndi m'mapanga nagona miyezi ingapo wosadya. Wa pansi, wochedwa molestus, acita zonsezi mosemphana. Aluma anthu ndi makoswe; akwerana ngakhale m'kabokosi kakang'ono; sagona m'cisanu; ndipo codabwitsa koposa, wamkazi aikira mazira ake oyamba wosalawa magazi, podalira cakudya cimene thupi lake linasunga iye ali mphutsi. Khalidwe lotsirizali analilongosola Emile Roubaud wa ku Institut Pasteur ku Paris mu 1929, nkhondo isanayambe, ndipo caka cimeneci cikumbukike, pakuti cidzafunikanso kutsogolo kwa nkhani ino. Dzina lakuti molestus m'Cilatini litanthauza wosautsa. Amene anagona m'masiteshoni aja sakadalitsutsa.

Pali cifukwa comveka colondolera magulu awiriwa. Kumene akwerana, monga acitira m'maiko ofunda a kumwera kwa Ulaya, ana ao aluma mbalame ndi anthu omwe. Popeza kacirombo ka West Nile kakhala m'magazi a mbalame, udzudzu wotere ndiwo mlatho umene kaolokerapo kudza kwa munthu.

KACHEREDWE KA MISAMPHA

Lamulo loyamba nlakuti munthu asalowe. M'ngalande ndi m'mathanki a zonyansa muunjikana mpweya woipa, wina wonunkha ngati dzira lobvunda, wina wopanda fungo konse, umene ukomola munthu asanafuule. Ndipo ambiri afa potsikira kukapulumutsa mnzao. Cotero zipangizo zambiri zitsitsidwa ndi cingwe kucokera pa khomo la dzenje, ndipo kumene kulowa sikungapeweke alowa anchito ophunzitsidwa okha, atayamba ayesa mpweyawo ndi makina.

Cipangizo cakale koposa ndi cikho coyera ca mpini wautali, colowa madzi okwana 350 ml, cimene atungira madzi ndi kuwerenga mphutsi. Pa dambo cigwira bwino nchito, koma pansi cinyenga. Mphutsi zipuma mpweya ndi kampope ka kumcira, cotero zikhala pamwamba pa madzi. Koma zikangomva kugunda kwa cibvundikiro ca citsulo, kapena kuona kuwala kwa dzidzidzi, zimira zonse, wotunga natulutsa madzi okha nalemba kuti mulibe kanthu. Wocenjera adikira mphindi zingapo ali cete. Nanga madzi akakhala kutali kunsi, kumene mpini sufika?

Pa zitsime ndi maenje akuya anakonza msampha umene msodzi angauzindikire msanga, pakuti nzeru yake nja mono. Atenga fanulo nalumikiza kukamwa kwake kwakung'ono ku kabotolo, namangirirapo kacitsulo kolemera kuti pofika m'madzi msamphawo uyandame fanulo atayang'ana pansi. Mphutsi zimene zinamira, pobwerera kudzapuma, zitsata khoma la fanulo nizilowa m'botolo, osadziwanso potulukira. Msampha utsala m'menemo usiku wonse. Akatswiri a ku Queensland ku Australia, pamodzi ndi Brian Kay, anaugwiritsa nchito m'zaka za m'ma 1990 m'zitsime ndi m'maenje a mawaya a m'matauni onga Charters Towers, napeza kuti m'cilimwe, zitini ndi matayala a pabwalo zitauma gwa, Aedes wa dengue apulumukira pansi, nadzaculukanso pamtunda mvula ikabwera.

Mono auza munthu kuti mphutsi zirimo, koma sanena kuti nzingati zikula ndi kutuluka. Funso limeneli liyankhidwa ndi msampha wa pakhomo. Amene anacherapo ngumbi adziwa kale kapangidwe kake: culu acifunditsa udzu ndi masamba, nasiya poonekera kuwala pamodzi pokha, pamene pali mphika wokwiriridwa. Comweconso pa thanki ya zonyansa atseka ming'alu yonse, nabveka paipi yotulutsira mpweya kakhola ka sefa. Couluka ciri conse cotuluka m'thankimo citsata kuwala nicigwera m'kholamo. Ena apaka zomata pa pepala lolimba nalikoleka kunsi kwa cibvundikiro, monga anyamata apakira ulimbo pa nthambi pochera mbalame.

Zimene msampha wotere ungathe kubvumbula zinaoneka ku Puerto Rico, cisumbu ca m'nyanja ya Caribbean kumene dengue abvuta kawirikawiri. Kwa zaka zambiri mabuku anaphunzitsa kuti Aedes aegypti aswana m'madzi oyera, a m'migolo, m'zitini ndi m'matayala. Roberto Barrera ndi anzake anagwira nchito m'dera la Playa-Playita, ku Salinas, kumene zotengera za pabwalo zinasamalidwa kuti zisabale udzudzu. Koma powerenga udzudzu wouluka m'nyumba, ciwerengero sicinatsike monga anayembekezera. Apo anayamba kusuzumira kumene sanaganizireko, naika misampha pa mathanki a zimbudzi. M'lipoti lao la mu 2008 anawerengera kuti mathanki a m'dera limenelo akhoza kutulutsa Aedes oposa 18,000 pa tsiku, ndi Culex ngati 170,000. Olakwa anali mathanki ong'aluka ndi aja a mapaipi opanda sefa. Mabuku aja sananame dala. Olemba ake anangolemba za malo amene cikho cao cinafika.

Misampha yochuka kwambiri ndi ya nyambo. Mu 1962 W. D. Sudia ndi R. W. Chamberlain, a ku Atlanta ku America, analongosola kamsampha kopepuka koyendera batire: kababu kakang'ono pamwamba, kunsi kwake fani woyamwa mphepo, ndi thumba la sefa kunsi kwenikweni. Cimene cayandikira nyali ciyamwidwa nicigwera m'thumba. Kamsampha aka, kochedwa CDC, kagwirabe nchito m'maiko ambiri. Koma nyali ndi nyambo yofooka kwa mitundu yambiri ya udzudzu, ndiponso iitana agulugufe a usiku ndi zina zosafunika. Cimene udzudzu wanjala utsata kwenikweni ndi mpweya umene munthu kapena nyama itulutsa popuma, wochedwa carbon dioxide. Cotero akoleka pambali pa msampha kacitini kobooleza kodzala dry ice, ndiwo mpweya womwewo woumitsidwa ndi kuzizira koopsa, umene ufuka pang'onopang'ono usiku wonse. Kumene dry ice kulibe, shuga ndi yisiti m'madzi ofunda zitulutsa mpweya umenewu, monga icitira mbiya ya mowa pakuwira. Pansi pa nthaka nyambo iyi iri ndi mabvuto ake. Mpweyawo ngwolemera, utsika nudzaza dzenje, nuika pa ngozi munthu wodzaonjola. Ndipo m'ngalande ya zonyansa muli kale wina wocokera ku zobvunda, umene upikisana ndi wa pa msampha.

Koma bvuto lalikulu liri pa molestus mwini wake. Msampha wa carbon dioxide uitana wamkazi wofuna magazi. Tsono wamkazi wa molestus wongobadwa kumene safuna magazi. Ali ndi mazira ake oyamba oti aikire, ndipo kusaka munthu ayamba ataikira. Apitirira msampha wosauceukira, ndipo ena afa asanafike pa msinkhu wosaka, atasiya kale ana ao m'madzi. Motero thumba lopepuka m'mawa silitanthauza kuti m'mphangamo udzudzu ngwocepa. Litanthauza kuti anjala ndiwo ocepa, ndipo zinthu ziwirizi nzosiyana ndithu.

Mu 1983 Paul Reiter analongosola msampha wa nyambo ina: beseni la madzi onunkha, obviikamo udzu wouma kwa masiku angapo, fani ali pamwamba pake. Uwu uitana wamkazi wa mazira wofuna poikira. Pamtunda msamphawu ngwa mtengo wapatali kwa ofufuza matenda, pakuti Culex wa mazira ndiye kuti anamwa kale magazi, ndipo ngati m'deralo muli kacirombo ka West Nile kuli kwapafupi kukapeza mwa iye. Pansi mfundoyi igwa pawiri. Molestus wa mazira akhoza kukhala wosalumapo kanthu cibadwire. Ndiponso beseni la madzi onunkha lingakope bwanji kumene madzi onse ngonunkha? Cifukwa cake anchito odziwa sadalira msampha umodzi. M'zipinda za pansi ndi m'mphanga zoti munthu nkuyendamo aonjeza kuyenda ndi toci ndi kampope koyamwira, kutola udzudzu wotera pa makoma, pakuti njira iyi sisankha wanjala kapena wokhuta, wamwamuna kapena wamkazi.

Kugwira ndi mbali imodzi ya nchito. Mbali inayo ndi kaundula. Ciwerengero ca usiku umodzi ciribe tanthauzo pa cokha. Tanthauzo libwera pamene msampha womwewo ucheredwa pa malo omwewo, pa nthawi yomweyo, mlungu ndi mlungu, caka cathunthu, zogwidwa nizigawidwa ndi ciwerengero ca misampha ndi ca masiku. Mwa citsanzo, misampha 4 itachera kwa masiku 3 nigwira udzudzu 240, ndiye kuti 240 agawidwa ndi 12, napatsa 20 pa msampha pa usiku. Ndipo 20 ameneyo ndiye wolinganiza ndi wa mwezi wamawa. Usiku umene batire linatha, kapena nyerere zinalowa m'thumba ndi kudya zogwidwa, ulembedwa kuti msampha unalephera. Kuulemba 0 ndi bodza lobvuta kuligwira pambuyo pake. Ndi mvula yomwe ilembedwe. Mvula yamphamvu ikokolola mphutsi m'ngalande, ciwerengero nicitsika popanda wopopera mankhwala, ndipo wosalemba za mvula adzatamanda mankhwala pa nchito imene anagwira ndi madzi.

Za kuzindikira gulu, njira yakale njapafupi koma yofuna kupirira. Mphutsi zileredwa m'kakhola, zikakula nizipatsidwa madzi a shuga okha; mazira akaoneka pa madzi popanda dontho la magazi, ameneyo ndi molestus. Masiku ano ayesa DNA, ndiyo kalata ya cibadwa yolembedwa m'thupi la camoyo ciri conse, imene cilandira kwa makolo ake.

KUBWERERA KU LONDON

M'zaka za m'ma 1990 Katharine Byrne ndi Richard Nichols, a ku Queen Mary and Westfield College, anatenga udzudzu m'madzi odikha a m'mphanga za njanji, natenganso wina pamtunda pa mzinda womwewo, naulinganiza. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1999 m'magazini ya Heredity. Wa pansi anasiyana cibadwa ndi wa pamtunda ngakhale pamene malo ao anayandikana kwambiri. Onse a pansi anafanana okhaokha ngati ana a kholo limodzi. Ndipo poyesa kuwakweranitsa, a pansi okhaokha anabala, koma a pansi ndi a pamtunda ai.

Zonsezi zinali zoona, ndipo ziri zoonabe. Koma pa zoonazi panamangidwa cigamulo cakuti udzudzu wa pamtunda unatsekeredwa m'mphanga pokumba njanji, nusandulika mtundu watsopano m'zaka zongopitirira 100. Nkhaniyo inakoma, ndipo nkhani yokoma iyenda msanga. Inalowa m'nyuzipepala, m'mawailesi ndi m'mabuku ophunzitsira, nikhala citsanzo cokondedwa ca m'mene zamoyo zisinthira mofulumira m'mizinda.

Umboni wotsutsa unalipo kale, wosausamala anthu. Dzina lija lakuti molestus silinapatsidwe ku London ai. Analipereka Peter Forsskål, wophunzira wa Linnaeus, amene anasautsidwa ndi udzudzu umenewu ku Egypt, m'mizinda ya Alexandria, Rosetta ndi Cairo. Iye anafera ku Yemen mu 1763, ndipo zolemba zake zinasindikizidwa mu 1775, kutatsala zaka 88 kuti njanji ya pansi itsegulidwe. Roubaud uja naye anaona wake ku France, kutali ndi mphanga za ku London. Mu 2004 Dina Fonseca ndi anzake anaonetsa kuti molestus wa pansi pa mizinda ya kumpoto kwa Ulaya ali pa cibale ndi wa kumwera, ku nyanja ya Mediterranean, koposa ndi mnansi wake wa pamtunda. Potsiriza, mu 2025, Yuki Haba, Lindy McBride wa ku Princeton University ndi anzao ambiri anasindikiza m'magazini ya Science zimene anapeza atawerenga DNA ya udzudzu mazana angapo wocokera m'maiko ambiri. Anapeza kuti molestus analekana ndi mbale wake zaka zoposa 1,000 zapitazo, ca ku Egypt kapena maiko oyandikana nao, pamtunda, pakati pa anthu olima ndi kukhala mothithikana. Kumeneko anazolowera kuluma anthu ndi kuswana m'madzi a pa mudzi. Pofika kumpoto anadza ndi makhalidwe ake okonzeka kale. Ndipo popeza sadziwa kugona m'cisanu, malo okha amene akadapulumukako ndiwo a pansi, ofunda caka conse.

Kulakwa kunalowera pati? Udzudzu wolinganizidwawo unali wa ku London wokhawokha, cotero unayankha funso la ku London lokha, lakuti kodi wa pansi afanana ndi wa pamtunda. Funso lakuti anacokera kuti linafuna misampha ya ku maiko ena. Munthu wopeza mlendo m'nyumba ya kuseri, wosafanana ndi eni mudzi, akhoza kuganiza kuti anasandulika m'nyumbamo; koma akadaoloka mtsinje akadapeza abale ake onse ali phee pa mudzi pao. Mphunzitsi wopeza nkhani yakale ija m'buku la sukulu asadabwe, koma asaiphunzitse monga iri. Kusintha kwa udzudzuwo kunacitikadi, ndipo kunacitika cifukwa ca anthu. Cimene cagwa ndi malo ake ndi msanga wake.

PANSI PA MIDZI NDI MATAUNI A KUNO

Ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka kulibe sitima za pansi, koma madzi a pansi aliko, ndipo mwini wake ndi Culex quinquefasciatus, msuweni wa pipiens wa m'maiko otentha. Aswana m'ngalande zotsekeka, m'maenje olandira madzi a ku bafa, m'mathanki ong'aluka, ndipo makamaka m'zimbudzi zokumba zimene zafika pa madzi. Ndiye amene aluma anthu a m'tauni m'cilimwe. Ngakhale sapatsa malungo, aononga nchito ya malungo m'njira yobisika: mai amene anauzidwa kuti mankhwala ndi masikito zithetsa udzudzu, namvabe kulira m'khutu usiku uli wonse, ataya cikhulupiriro, pakuti iye salekanitsa Culex ndi Anopheles. Ndiponso mau akuti Anopheles ngwa zithaphwi za pa dzuwa sakwaniranso pa Africa yense. Anopheles stephensi wa ku Asia, amene aswana m'mathanki ndi m'zitsime zosungiramo madzi m'mizinda, anapezeka ku Djibouti mu 2012, ku Ethiopia mu 2016 ndi ku Kenya mu 2022.

Cimene cingacitike dzenje lolakwa likadziwika cinaoneka ku Makunduchi, tauni ya pa cisumbu ca Zanzibar, kumene matenda otupitsa miyendo anali ambiri. C. A. Maxwell, Chris Curtis ndi anzao anathira m'zimbudzi za madzi timikanda toyera topepuka ta polystyrene, ta mtundu uja wochinjirizira katundu wosweka m'makatoni. Timikandato tiyandama nitiphimba madzi onse, mphutsi nizilephera kupuma, aakazi nalephera kuikira. Kuti adziwe ngati zathandiza anachera misampha ya nyali m'zipinda zogona, nchito isanayambe ndi itatha. Lipoti lao la mu 1990 linaonetsa kuti kuluma kunatsika kucokera pa 25,000 kufikira pa 440 pa munthu pa caka. Njirayi iyenera m'maenje a madzi odikha okha. M'ngalande yoyenda madzi timikandato tikokoloka.

Pa sukulu phunziroli silifuna batire kapena dry ice. Cidebe cakale cobooka kunsi, cidutswa ca masikito ong'ambika ndi cingwe zikwanira. Mphunzitsi amanga masikito pa mbali yobookayo, nabvundikira cidebe pa bowo la cimbudzi madzulo ana atapita, namata m'mphepete ndi dothi. M'mawa alowetsa katoni kunsi kwa cidebe asanacinyamule, naciika pa dzuwa kufikira zogwidwa zitafa, nazikhuthulira pa pepala loyera. Kuchera ndi kuonjola ndi nchito ya mphunzitsi yekha, ndipo cibvundikiro ca thanki cisatsegulidwe konse. Nchito ya ana ndi kusankha, kuwerenga ndi kulemba. Adzapatula nchenche kumbali, napatulanso udzudzu pawiri, pakuti wamwamuna adziwika ndi tinyanga take ta ubweya wambiri tooneka ngati nthenga, pamene ta wamkazi nta ubweya wocepa. Aamuna akaculuka ndico cizindikiro cakuti malo obadwira ali pafupi, cifukwa iwo sauluka kutali kukasaka magazi.

Ana ocenjera adzafunsa ngati udzudzuwo unabadwira m'dzenjemo kapena unangolowamo kudzabisala usana. Usiku umodzi sungayankhe. Ayenera kusankha cipinda cimodzi ca cimbudzi cokhala ndi dzenje lakelake, cisagwiritsidwe nchito kwa mlungu wathunthu, cidebe ciri pabowo usana ndi usiku. Obisala adzatha m'masiku oyamba. Ogwidwa tsiku lacisanu ndi lacisanu ndi cimodzi ndiwo obadwira momwemo. Ngati cimbudzico nca mtundu wa Blair, umene Peter Morgan anakonza ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, cidebe ca pabowo cikhoza kupezeka copepuka ngakhale dzenje liri lodzala mphutsi, pakuti zouluka zambiri zitsata kuwala kwa m'paipi yotulutsira mpweya. Pamenepo mphunzitsi ayang'ane sefa wa pamwamba pa paipiyo. Akakhala wathunthu, zouluka zifera momwemo. Akakhala wadzimbiri ndi wobooka, kathumba ka masikito kamangidwe pamenepo, ndipo ciwerengero ca pa paipi cilembedwe mu mzere wakewake, pambali pa ca pabowo.